CINGEREZI CA M'MISEWU: MAU AMENE SAPEZEKA M'BUKU LA KUSUKULU

Mwana angathe kuphunzira Cingerezi kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 12 napambana mayeso ake bwino lomwe, koma tsiku limene atsika basi pa Intercity mu Lusaka, kapena alowa mu msika wa Soweto, amamva Cingerezi cina cimene mphunzitsi sanacilembepo pa bolodi. Mau ake ndi odziwika ndithu, ena ndi a ana a Giredi 3, koma tanthauzo lake lapita kwina. Munthu akuti ali "broke" pamene palibe fupa lathyoka. Wina akudandaula kuti walipidwa "peanuts" pamene m'thumba mwake mulibe nshawa ngakhale imodzi.

Mau otere Angerezi eni ake amawacha "slang". Ndi mau a m'misewu, m'mabasi, m'mabwalo a mpira ndi m'malo omwera mowa, amene anthu amalankhula akamasuka pakati pa anzao.

Kale nkhani imeneyi inali ya anthu a m'tauni okha. Lero yafika kumidzi kudzera pa wailesi, pa lamya za m'manja, mwa ana ophunzira ku sekondale ndi mwa amalonda ogula cimanga, nshawa, soya ndi thonje. Cingerezi ndico cinenero ca Boma m'Zambia, ndipo kuyambira pamene lamulo la maphunziro la mu 1966 linaciika kukhala cinenero cophunzitsira m'masukulu, mibadwo yambiri yakula nico pakamwa. Tsono munthu wosazindikira mau a m'misewu amenewa angathe kutaya ndalama, kupsa mtima popanda cifukwa, kapena kuseka pamene ayenera kulira.

ZINING'A ZA ANGEREZI

Mnyanja aliyense adziwa kuti mau angathe kunena cina natanthauza cina. Akati uje watsamira mkono, palibe amene amapita kukaona mkonowo, onse adziwa kuti pagwa maliro. Mlendo akati afuna kutaya madzi sapatsidwa ndowa, amangosonyezedwa kuseri kwa nyumba. Cingerezi naco ciri ndi mau ake okuluwika motero.

Komabe pali kusiyana. Zining'a za makolo zimakhala mibadwomibadwo, ndipo zambiri zimanenedwa cifukwa ca ulemu. Mau a "slang" amabadwa msanga nafa msanga, ndipo ambiri a iwo alibe ulemu konse. Nchito yao ndi kufupikitsa nkhani, kuseketsa, ndi kubisa kanthu kuti wakunja asamve. Ici ndico cifukwa cake acinyamata amasiya liu lao pamene aona kuti makolo ndi aphunzitsi aliphunzira, nayamba lina latsopano.

Mau ambiri akale a mtundu umenewu anayambira pakati pa mbala, opemphapempha, asilikali ndi oyenda m'zombo ku England, amene sanafune kuti apolisi ndi mabwana ao amve zimene anali kupangana. Mu 1785 Francis Grose anasindikiza ku London buku losonkhanitsa mau otere lochedwa "A Classical Dictionary of the Vulgar Tongue". M'bukumo muli kale mau akuti "kick the bucket", kunena kukankha ndowa ndi phazi, amene tanthauzo lake ndi kumwalira. Mauwa akali kumveka lero, koma ndi a nthabwala; woanena pa maliro angaoneke ngati munthu wopanda mwambo. Pambuyo pa Grose panabwera John Camden Hotten mu 1859, Eric Partridge mu 1937, ndi Jonathon Green amene buku lake la mu 2010 linatuluka m'magawo atatu akuluakulu. Ukulu wa mabukuwa usonyeza kuti ngakhale Mngerezi wobadwira mu London sadziwa mau onsewa.

Kum'mawa kwa mzinda wa London kuli anthu ochedwa ma Cockney, amene kuyambira zaka za m'ma 1800 akhala ndi masewera ao a mau. Iwo amasiya liu limene afuna kunena, natenga mau ena omveka mofanana nalo kumapeto. M'malo mwa "head", mutu, amati "loaf of bread", mtanda wa buledi. Kenaka amadula mau omalizira, kotero kuti "use your loaf" ndi kuuza munthu kuti aganize bwino. M'malo mwa "mate", bwenzi, amati "china plate", mbale yosweka, nafupikitsa kukhala "china". Liu limeneli linaoloka nyanja kufika ku South Africa. Woyenda ku Johannesburg akamva wina akumuitana kuti "my china" asaganize kuti wayesedwa munthu wa ku China, wangochedwa mnzanga.

MAU ONENA ZA NDALAMA

Palibe cinthu cimene ciri ndi maina ambiri a m'misewu kuposa ndalama, ndipo apa ndi pamene munthu wa kumudzi ayenera kuchera khutu koposa.

Acikulire akumbukira masiku a mapaundi, masheleni ndi mapeni, pamene paundi imodzi inali masheleni 20 ndipo sheleni inali mapeni 12. Angerezi anali kucha paundi "quid", sheleni "bob", ndi kandalama ka mapeni 6 "tanner". Ku South Africa kandalama ka mapeni 3 kanali "tickey", ndipo liu limeneli linalowa m'Cinyanja kukhala tiki. Mu January 1968 Zambia inayamba Kwacha ndi Ngwee, Kwacha imodzi inalowa m'malo mwa masheleni 10, ndipo maina akalewo anayamba kuzilala. Ku Britain "quid" ikali kumveka tsiku ndi tsiku, ndipo ku Kenya anthu akali kucha sheleni yao "bob".

Ku America dola imodzi ndi "buck", ndipo 1,000 ndi "grand". Ndalama zamtundu uliwonse zingachedwe "bread", buledi, kapena "dough", ufa wokanda wa buledi, pakuti ndalama ndizo zimadyetsa munthu. Amene ali "broke" kapena "skint" alibe ngakhale Ngwee imodzi, pamene amene ali "loaded" ali nazo zambiri, ngati ngolo yodzaza. "Rip-off" ndi malonda obera munthu, mtengo wokwera kuposa katunduyo.

Alimi a ku Chipata, Katete ndi Petauke, amene nshawa zao zimaphunzitsa ana ndi kugula malata, angadabwe kumva kuti m'Cingerezi ca m'misewu "peanuts" ndi ndalama zocepa zosayenera thukuta la munthu. Cimodzimodzi "chicken feed", cakudya ca nkhuku. Wamalonda akamveka akuuza mnzake kuti mbeu wazigula pa "peanuts", mlimi adziwe kuti wagulitsa mochipa kwambiri.

Liu lofunika kulisamala koposa ndi la m'Zambia momwe muno, ndilo "pin". Kwa zaka zambiri "pin" imodzi inali K1,000. Koma pa 1 January, 2013, Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa ndalama, kotero kuti K1,000 yakale inasanduka K1 yatsopano. Kuyambira pamenepo liuli liri ndi nkhope ziwiri: ena, potsata cizolowezi cakale, amati "five pin" kunena K5, pamene ena amati "five pin" kunena K5,000. Pogula tomato pa msika palibe amene angasokonezeke, koma pa malonda a ng'ombe, njinga, ngolo kapena matumba a cimanga, mtengo uyenera kuchulidwa m'Makwacha ndi kulembedwa m'manambala, mboni ziri pomwepo.

MAU ONENA ZA ANTHU

Liu lakuti "kid" m'buku ndi mwana wa mbuzi, koma pakamwa pa anthu ndi mwana wa munthu, ndipo palibe cipongwe m'menemo. "Chap", "bloke" ndi "guy" onse atanthauza mwamuna wamba. Liu lomalizirali liri ndi mbiri yodabwitsa. Pa 5 November, 1605, munthu wina dzina lake Guy Fawkes anagwidwa mu London ali ndi migolo ya onga pansi pa Nyumba ya Malamulo, pofuna kuiphulitsa pamodzi ndi mfumu. Caka ndi caka Angerezi anayamba kupanga cidole ca nsanza cofanizira iye ndi kuciocha pa moto, nacicha "guy". Pambuyo pake liuli linatanthauza munthu wobvala modabwitsa, ndipo litafika ku America linasanduka dzina la mwamuna aliyense. Lero acinyamata amati "guys" poitana anzao onse, anyamata ndi atsikana omwe. Koma mwana woitana motero akulu a mpingo, apongozi kapena nduna za mfumu walakwa kwakukulu.

Wapolisi ku England amachedwa "bobby" cifukwa ca Sir Robert Peel amene anakhazikitsa apolisi a mzinda wa London mu 1829, popeza Bobby ndi cidule ca dzina lakuti Robert. Liu lina ndi "cop", locokera ku mau otanthauza kugwira.

Mnyamata akati "my old man" akunena atate ake, ngakhale atatewo asanamere imvi. M'matauni a Zambia acinyamata amachanso atate ao "bally", ndipo liu lomweli ndilo anapatsa a Hakainde Hichilema ngati dzina la cikondi pa masankho a mu 2021.

Pali mau ena amene makolo a ana akazi ayenera kuwadziwa. "Chick" ndi mwanapiye, koma anyamata amacha motero mtsikana, ndipo akazi ambiri amaliona ngati lopeputsa. "Sugar daddy" limamveka lozuna, ngati tate wobwera ndi shuga, koma tanthauzo lake ndi mwamuna wacikulire wa ndalama amene amapatsa mtsikana wamng'ono zobvala, lamya ndi ndalama kuti agone naye. Liuli linafala ku America m'zaka za m'ma 1920, ndipo ku South Africa kunabadwa mnzake, "blesser", ngati kuti munthuyo ndi wodalitsa. Mathero ake kawirikawiri ndi mimba, kusiya sukulu ndi matenda. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kholo lomva mwana wake wa ku sekondale akuchula mau amenewa poseka ndi anzake liyenera kukhala naye pansi.

MAU OTEMBENUKA

Cobvuta cina nca kuti mau ena amatanthauza cosiyana kotheratu ndi cimene ciri m'buku. "Wicked" ndi woipa mtima, "sick" ndi wodwala, koma acinyamata akati nyimbo kapena nsapato ziri "wicked" kapena "sick" akuziyamikira kuti nzabwino zedi. "Cool" ndi kuzizira pang'ono, koma munthu amene ali "cool" ndi wooneka bwino ndi wosatekeseka, ndipo poyankha, liuli lingotanthauza kubvomera.

"A piece of cake", cidutswa ca keke, ndi nchito yapafupi. "Pulling your leg", kukoka mwendo, ndi kunamiza munthu mwa nthabwala, monga acitira asuwani. "Hang on" pa lamya sikupacika kanthu, ndi kupempha munthu kuti adikire pang'ono. "Break a leg", thyoka mwendo, amamveka ngati temberero, koma ndi mau ofunira mafuno abwino munthu amene akukacita sewero pamaso pa anthu. Ndipo mwana wa m'tauni akalemba kuti wapatsidwa "the sack" kapena kuti ali "fired", a kumudzi asayembekeze thumba la ufa, ndiponso asaope kuti wapsa ndi moto: nchito yamuthera.

Lamya za m'manja zabweretsa zidule zao. "LOL" ndi cidule ca mau otanthauza kuseka mokweza. Ngakhale anthu akuluakulu asokonezeka naco. Mu May 2012, pa bwalo lofufuza za kacitidwe ka manyuzipepa ku Britain lotsogozedwa ndi woweruza Leveson, mai Rebekah Brooks, amene kale anali mkonzi wa nyuzipepa ya The Sun, anaulula kuti David Cameron, Nduna Yaikulu ya dzikolo pa nthawiyo, anali kumaliza mauthenga ake ndi "LOL" poganiza kuti atanthauza cikondi cambiri. Ngati mtsogoleri wa Angerezi analakwa motero, nanga munthu wa ku Chadiza? Wolemba "LOL" poyankha uthenga wa maliro, poyesa kuti akutumiza cikondi, amakhala ataseka anamfedwa.

CINGEREZI CA M'ZAMBIA

Mau a m'misewu sacokera kunja kokha. A Zambia naonso aumba ao, amene Mngerezi wa ku England sangawamve. Munthu "movious" ndi woyendayenda, wosakhala pakhomo. "Footing" ndi kuyenda pansi cifukwa cosowa ndalama ya basi. "Cousin-brother" ndi mbale wa m'banja amene Cingerezi ca m'buku cimamuika patali pamene mwambo umamuyesa mbale weniweni. "Robot", monganso ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndi magetsi a pa mphambano oongolera magalimoto, pamene ku England liuli litanthauza makina ogwira nchito ngati munthu.

Mau ena alowa m'Cingerezi ca m'manyuzipepa kucokera ku zinenero za dziko lino. "Apamwamba", liu la Cinyanja, ndi anthu olemera. "Salaula", liu la Cibemba lonena kusankha pa mulu, ndi zobvala zobvalidwa kale zocokera kunja. "Mishanga" ndi ndudu za fodya zogulitsidwa imodziimodzi m'mbali mwa msewu. "Nicekeleko", kunena ndidulireko, ndi ciphuphu; dzina lake nloseketsa, koma wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu pamaso pa lamulo.

Pali mau awiri amene amasokoneza a Zambia ndi alendo. Muno munthu akati "my father is late" atanthauza kuti atate ake anamwalira, pamene mlendo wa ku England amamva kuti atatewo acedwa kufika, ndipo angathe kufunsa kuti afika nthawi yanji. Cimodzimodzi "just now": kum'mwera kwa Africa kuno atanthauza kuti cinthu cidzacitika nthawi ina patsogolo, pamene ku England kawirikawiri atanthauza kuti cangocitika kumene.

MAU AMENE ANAKWERA

Sikuti mau onse a m'misewu amafera m'misewu. Ena amakhalitsa kufikira alandiridwa m'mabuku. Mu 1710 mlembi wochuka Jonathan Swift anadandaula m'nyuzipepa ya The Tatler kuti anthu akuononga Cingerezi ndi zidule monga "mob", locokera ku mau a Cilatini onena khamu losakhazikika. Lero oweruza milandu amalemba liuli popanda manyazi. "Bus" ndi cidule ca "omnibus", liu la Cilatini lotanthauza ca onse, ndipo ndi momwe munacokera liu la Cinyanja lakuti basi.

Koma liu limene linayenda kutali koposa ndi "OK". Linaoneka m'nyuzipepa ya Boston Morning Post ku America pa 23 March, 1839, ngati nthabwala: cidule ca mau akuti "all correct", zonse ziri bwino, olembedwa molakwika mwadala kuti "oll korrect". Caka cotsatira, pa masankho a mu 1840, otsatira a President Martin Van Buren, amene kwao kunali ku Kinderhook ndipo anali kuchedwa Old Kinderhook, anatenga zilembo ziwirizo kukhala mfuu yao. Van Buren analephera masankhowo, koma liulo linapambana. Mbiri imeneyi inafukulidwa ndi Allen Walker Read wa pa Columbia University mu 1963 ndi 1964. Lero gogo amene sanapondepo m'kalasi amati "oke" pobvomera mtengo wa nkhuku.

Mu 2011 buku lalikulu la Oxford English Dictionary linalandira "LOL" pamodzi ndi "OMG", cidule ca mau odabwa ochula dzina la Mulungu. Ofufuza anapeza kuti "OMG" inalembedwa kale mu 1917 m'kalata ya Lord Fisher kwa Winston Churchill, zaka zambiri lamya za m'manja zisanapangidwe.

LIU LIRI LONSE LIRI NDI MALO AKE

Kulowa kwa liu m'buku lomasulira mau sikutanthauza kuti liyenera pali ponse. Mabuku monga Oxford Advanced Learner's Dictionary, amene amapezeka m'masukulu ambiri a sekondale, amaika cizindikiro pambali pa liu. Pakalembedwa "informal", liulo ndi la pakati pa mabwenzi. Pakalembedwa "slang", ndi la gulu lina la anthu. Pakalembedwa "offensive" kapena "taboo", ndi lotukwana. Mwana wa sukulu aphunzitsidwe kuwerenga cizindikiroco asanatenge liu.

Monga momwe munthu sabvala zobvala za kumunda popita ku chalichi, momwemonso mau a m'misewu salowa m'mayeso a Examinations Council of Zambia, m'kalata yofunsira nchito, kapena m'kalata yopita kwa mfumu ndi ku Boma. Mnyamata wolemba kwa mkulu wa kampani kuti ali "broke" ndipo afuna nchito kuti apeze "bucks" wadzitsekera yekha citseko, ngakhale satifiketi yake ikhale yabwino cotani. Aphunzitsi acita bwino akamaonetsa ana mau awiri pamodzi, la m'misewu ndi la m'buku, ndi kuwauza malo a liri lonse, kusiyana ndi kungowakalipira.

Ku cipatala ndi ku khoti munthu anene cinthu ndi dzina lake lenileni, m'cinenero cimene acidziwa bwino. Malamulo a dziko lino apatsa munthu wozengedwa mlandu ufulu wokhala ndi womasulira popanda kulipira ngati samva cinenero ca m'khoti. Palibe cifukwa cobvomerera mau amene sanamveke cifukwa coopa kuoneka wosaphunzira.

Ndipo kwa makolo a kumidzi, uthenga wa pa lamya ukabwera ndi mau acilendo, kapena wamalonda akachula mtengo m'mau osadziwika, njira ndi imodzi: kufunsa mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena mwana wodalirika, ndi kumuuza wolankhulayo abwereze m'Cinyanja. Safunsa anadya phula.